Pa pepala la alongo anga alemba KRAS: kodi ana anga nawonso adzadwala khansa?

Funso

Adokotala, ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndili ndi zaka 38 ndi ana atatu. Alongo anga, amene ndinawaponda pamutu, ali ndi zaka 41. Miyezi ingapo yapitayo anawapeza ndi khansa ya m'matumbo, anawachita opaleshoni, ndipo pano amapita ku Lusaka kukalandira mankhwala. Pa pepala lawo alemba kuti "KRAS mutation", ndipo dokotala anati chifukwa cha chimenecho pali mankhwala ena amene sangawathandize. Anatifunsanso ngati m'banja mwathu wina anadwalapo khansa. Amalume anayankha kuti m'mbumba mwathu mulibe, ndipo n'zoona. Koma atate anamwalira ali ndi zaka 49 atavutika nthawi yaitali ndi m'mimba, ndipo azakhali, alongo awo a atate, anamwalira ndi khansa ya chiberekero. Ine ndinangokhala chete poti akulu anali atayankha kale. Kodi KRAS ameneyu ndi wa kumtundu? Ana anga ali pangozi?

NaTembo, Kapata, Chipata

Yankho

Aphunzitsi, m'kalata mwanu muli nkhani ziwiri, ngakhale inu mwazimanga mtolo umodzi. Ya KRAS, imene yakusowetsani tulo, yankho lake ndi lokhazika mtima pansi: vuto la KRAS limene analipeza m'chotupa cha alongo anu si la kumtundu. Silingafike kwa ana anu, ngakhale kwa ana a alongo anuwo. Imene yandikhalitsa tsonga ine ndi ija munaimeza amalume atayankha kale, ya atate ndi azakhali. Ndiyamba ndi KRAS poti ndiye ali pa pepala, koma musandisiye panjira.

Poyamba tichotse msampha wa mawu. Ife a kuchipatala tikamati majini sitinena mizimu ija anthu amati wina watumizira mnzake. Mawuwa angofanana kamvekedwe basi. Ndinaonapo agogo ena akudzambatuka pa benchi, kufuna kutenga mwana wawo kupita naye kwa sing'anga, nditangoti vuto lili m'majini, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimafotokoza kaye. Majini ndi malangizo olembedwa m'kati mwa maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, pa chinthu chotchedwa DNA. Munthu ali nawo pafupifupi 20,000, ndipo buku lonse limene alembedwamo lili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, zamitundu inayi yokha: A, C, G ndi T. Pafupifupi jini lililonse tili nalo pawiri, lina lochokera kwa atate, lina kwa amayi. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna.

Inu mukudziwa kuposa ine zimene zimachitika ana akamakopera manotsi. Wina alumpha chilembo, wina abwereza mzere, ndipo amene anajomba dzulo akopera kwa mnzake pamodzi ndi zolakwa zake zomwe. Khungu la m'kati mwa thumbo lalikulu limasinthidwa pafupifupi masiku asanu alionse, ndiye kuti maselo a mmenemo amakhala akugawikana ndi kukopera buku lija kuyambira ukhanda mpaka imvi. Cholakwa chikalowa n'kukhazikika, ndicho chimatchedwa mutation. Zolakwa zambiri sizipweteka munthu. Tonsefe tili nazo. Khansa imabwera pamene zolakwazo zaunjikana, chimodzi pamwamba pa chinzake, m'majini ochepa amene amalamulira kukula kwa selo.

M'chaka cha 1990, Eric Fearon ndi Bert Vogelstein a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore anafotokoza ndondomeko imene khansa ya thumbo lalikulu imakonda kutsata, ndipo mpaka lero ophunzira udokotala amayambira pamenepo. Loyamba kuwonongeka nthawi zambiri limakhala jini la APC, limene ntchito yake ndi kuuza maselo kuti akwana, aleke kugawikana. Vuto la APC limapezeka m'zotupa pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse. Likafooka, pakhoma la thumbo pamamera kanthu konga njerewere, kotchedwa polipu. Imeneyi si khansa, ndipo yambiri siidzasanduka khansa. Koma m'kapolipu kena mumalowa cholakwa chachiwiri, kawirikawiri cha KRAS, n'kuyamba kukula msanga. Pambuyo pake pawonongeke TP53, jini limene limayendera maselo n'kulamula loonongeka kuti life, ndiye chotupacho chimayamba kuboola khoma. Ulendo wonsewu, kuchokera pa kanjerewere kufika pa khansa, umatenga zaka 10 mpaka 15 mwa anthu ambiri.

Taonani tsono kumene zonsezi zachitikira: pa kamalo kamodzi ka thumbo la munthu mmodzi. KRAS wa m'magazi a alongo anu, wa m'khungu lawo, wa mu mbewu yawo yoberekera, ndi wabwinobwino. Kapuchi akaboola phesi limodzi m'munda, chimanga chimene munasunga cha mbewu sichikhudzidwa. Ndi chifukwa chake ndanena mosazengereza kuti ameneyu si wa kumtundu.

Nanga n'chifukwa chiyani anamuyeza? Ankafuna kudziwa mankhwala oyenera. Pakhungu la selo pali kachinthu kotchedwa EGFR, kamene kamalandira uthenga wakuti selo ligawikane. KRAS ali ngati kapaso wa mfumu: mfumu ikalankhula, iye amatenga mawuwo kukalengeza m'mudzi, akatha n'kukhala pansi kudikira mawu ena. KRAS woonongeka ndi kapaso amene wayamba kulengeza yekha usana ndi usiku, mfumu isanamutume. Mankhwala amene dokotala ananena ayenera kuti ndi cetuximab kapena panitumumab, ndipo ntchito yawo ndi kutseka pakamwa pa mfumu, EGFR uja. Mungaitseke pakamwa mfumuyo mmene mungathere, koma ngati kapaso akufuula payekha, mudzi umvabe. Zimenezi zinatsimikizika cha m'ma 2008, ndipo kuyambira pamenepo mankhwalawa saperekedwa asanayeze KRAS, ndipo pambuyo pake anawonjezerapo kuyeza mbale wake NRAS. Odwala pafupifupi 4 mwa 10 alionse amapezeka ndi vuto la KRAS, choncho alongo anu sali okha.

Ine sindiona pepala limenelo ngati uthenga wa tsoka. Mankhwala awiriwo ndi okwera mtengo koopsa, amatulutsa ziphuphu nkhope ndi chifuwa chonse, ndipo banja likanatha kugulitsa ng'ombe kugula chinthu chopanda phindu kwa wodwala wawo. Mankhwala enieni amene ali msana wa chithandizo cha khansa imeneyi, monga 5-FU, capecitabine, oxaliplatin ndi irinotecan, amaperekedwa KRAS akhale wabwino kapena woonongeka. Mukayang'ane pa pepalapo ngati pambuyo pa mawu akuti KRAS pali zilembo ndi nambala, monga G12D, G12V kapena G13D. Nambalayo ikunena malo amene cholakwa chagwera. Mukapeza G12C, imene imapezeka mwa odwala atatu kapena anayi pa 100, dziwani kuti ya mtundu umenewo ili ndi mankhwala akeake atsopano, sotorasib ndi adagrasib, ndipo ndi bwino kufunsa dokotala za iwo ngakhale kuwapeza kuno kuli kovuta.

Ya KRAS ithere pamenepo. Tibwere kwa amalume.

Amalume sananame. Anafunsidwa za banja, nayankha monga mwini mbumba aliyense wa Chichewa akanayankhira: anawerenga alongo awo, ana a alongo awo, amayi awo ndi agogo a kuchikazi. Mlandu ndi wathu madokotala, amene timatenga funso la m'buku la ku Ulaya n'kuliponya momwemo, osaganiza kuti mawu akuti banja ku Katete kapena ku Chadiza ali ndi malire ake. Kwa Angoni a kwa Mpezeni ndimakumana ndi zotembenuka: iwo amawerenga bwino a kuchimuna n'kuiwala kwawo kwa amayi. Majini sadziwa chikamwini kapena chitengwa. Theka la buku lija munalitenga kwa atate, ngakhale iwo anali mkamwini chabe pamudzi pa amayi anu. Masiku ano ine ndimafunsa kawiri: kuchikazi kuli bwanji, nanga kuchimuna?

Khansa za thumbo lalikulu zimene zimachokera pa jini lobadwa nalo ndi zochepa, pafupifupi 5 mpaka 10 pa 100, ndipo yofala kwambiri mwa izo ndi imene imatchedwa Lynch syndrome. Tibwerere m'kalasi mwanu. Ana akatha kukopera, inu mumatenga cholembera chofiira n'kuchonga. Selo nalonso lili ndi ochonga ake, majini anayi: MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2. Ntchito yawo ndi kuyenda pambuyo pa wokopera, kupeza chilembo cholakwika ndi kuchikonza. Gulu limeneli pa mapepala a chipatala amalilemba kuti MMR. Munthu wa Lynch amabadwa jini limodzi mwa amenewa lili loonongeka kale mbali imodzi, ya atate kapena ya amayi, m'maselo onse a thupi. Mbali yotsalayo imagwira ntchito yokha kwa zaka zambiri, munthu ali bwinobwino. Tsiku lina m'selo limodzi la m'thumbo nayonso iwonongeke, ndiye kalasi yatsala yopanda wochonga. Zolakwa zimachuluka mwa mazanamazana, ndipo ulendo uja wa zaka 10 mpaka 15 ukhoza kutha m'zaka ziwiri kapena zitatu. Ndi chifukwa chake khansa ya Lynch imagwira anthu a zaka za m'ma 40, ena ocheperapo.

Nkhani ya matendawa inayamba ndi mayi wina wosoka zovala. M'chaka cha 1895 iye anauza Aldred Warthin, dokotala wa pa yunivesite ya Michigan ku America, kuti akudziwa kuti adzafa ndi khansa ali wamng'ono, chifukwa abale ake ambiri anapita choncho, ena ya m'mimba ndi m'matumbo, ena ya chiberekero. Anafadi ndi khansa ya chiberekero. Warthin anafufuza banja lonselo n'kulemba za ilo mu 1913. Patapita zaka zoposa 50, mu 1966, Henry Lynch wa ku Nebraska anafotokoza mabanja ena awiri otero, anzake ambiri osamukhulupirira, ndipo majini ake oyamba anadzapezeka mu 1993 ndi 1994. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa amene anayamba kuona chinthucho sanali pulofesa, anali mayi amene ankawerenga maliro a kwawo. Inunso mwachita chimodzimodzi, mwaika matumbo ndi chiberekero m'kalata imodzi.

Madokotala ali ndi kawerengedwe kosavuta kokayikirira Lynch, kamene anagwirizana ku Amsterdam: abale atatu odwala khansa za gulu limeneli, m'mibadwo iwiri yotsatizana, mmodzi anadwala asanakwane zaka 50, ndipo mmodzi mwa atatuwo akhale kholo, mwana kapena m'bale wa bere limodzi kwa awiri enawo. Ikani banja lanu pamenepo. Alongo anu pa 41, atate pa 49, azakhali, ndipo atate ndiwo mfundo yolumikiza awiriwo. Zikukwanira, ngati atate ndi azakhali anadwaladi zimene tikuganiza.

Mawu akuti "ngati" amenewo ndi aakulu, ndipo apa m'pamene pali ntchito yanu. Anthu akamati khansa ya chiberekero amaphatikiza matenda awiri osiyana kotheratu. Ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, si ya kumtundu, ndipo ndi imene imapha amayi ambiri m'Zambia muno kuposa khansa ina iliyonse. Ya m'kati mwa chiberekero, imene pa khadi amalemba kuti endometrium, ndiyo imayenda ndi Lynch. Kungowerenga mwayi, azakhali a munthu wa kuno amakhala kuti anadwala ya khomo. Fufuzani amene anawadwazika, mwina khadi kapena buku la kuchipatala likadali m'sutikesi. Za atate n'chimodzimodzi. M'mimba ndi nyumba yaikulu: muli TB ya m'mimba, matenda a chiwindi, zilonda, likodzo. Funsani amayi ngati atate anachitidwa opaleshoni, ngati anawaika kathumba ka chimbudzi pamimba, ngati ankawonjezeredwa magazi kawirikawiri, ngati chimbudzi chinkatseka. Mufunsenso za agogo a kuchimuna ndi abale ena a atate, chifukwa Lynch amabweretsanso khansa ya thumba la chakudya, ya mabasiketi a mazira a amayi ndi ya njira ya mkodzo.

Koma ngakhale zonsezi zitapezeka kuti sizinali choncho, zaka 41 pazokha n'zokwanira kuti chotupa cha alongo anu chiyezedwe za MMR. Ku Britain, kuyambira 2017, malangizo ndi akuti chotupa chilichonse cha thumbo lalikulu chiyezedwe, wodwala akhale wa zaka zingati. Ndipo kukhala ndi vuto la KRAS sikuchotsa Lynch, ziwirizi zimatha kupezeka m'chotupa chimodzi.

Kuyezako sikufuna opaleshoni ina. Chotupa chikachotsedwa, a ku labotale amadula tizidutswa n'kutiumitsa m'phula, ndipo timabuloko timeneti timasungika zaka zambiri. Pa kabuloko komweko kamene anayezera KRAS amatha kupaka mankhwala oonetsa ngati ochonga anayi aja alipo kapena wina wasowa. Mwina anayeza kale ndipo zili pa pepala lomwelo, inu maso anangokodwa pa KRAS. Mukaona pMMR kapena MSS, ndiye kuti ochonga alipo, ndipo Lynch ndi wokayikitsa kwambiri. Mukaona dMMR kapena MSI-H, ndiye kuti wina wasowa. Zotupa pafupifupi 15 pa 100 zimatuluka choncho, koma mwa 15 zimenezo za Lynch ndi zitatu zokha. Zinazo ndi za okalamba amene MLH1 anangozima chifukwa cha ukalamba, ndipo kawirikawiri zimakhala ndi cholakwa china chotchedwa BRAF V600E, chimene mwa anthu a Lynch sichipezekapezeka. Kwa munthu wa zaka 41, dMMR imaloza kwambiri ku Lynch, ndipo chotsatira ndi kuyeza magazi kapena malovu a wodwalayo kuti apeze jini lenileni. Kuyeza kwa mtundu umenewu kawirikawiri kumafuna kutumiza magazi kunja, monga ku South Africa, ndipo kumalowa m'thumba. Ndiye musamwaze ndalama kuyeza aliyense. Muyambe ndi wodwala. Cholakwacho chikadziwika dzina ndi malo ake, kuyeza abale kumakhala kongoyang'ana pamalo amodzi pomwepo.

Yankho la MMR lili ndi phindu kwa alongo anu eniake. Chotupa chopanda wochonga chimadzaza zolakwa mpaka kuoneka chachilendo kwa asilikali a m'thupi, ndipo pali mankhwala, monga pembrolizumab, amene amamasula asilikaliwo kuti achigwire. Ku America anawavomereza mu 2017 pa zotupa za MSI-H. Mu 2022 madokotala a pa Memorial Sloan Kettering ku New York analengeza za odwala 12 a khansa ya kumapeto kwa thumbo, onse a dMMR, amene analandira dostarlimab ndipo zotupa zinazimirira mwa onse 12. Uthenga umenewu unazungulira pa WhatsApp ngati kuti mankhwala a khansa zonse apezeka. Ayi ndithu. Amagwira pa kagulu kameneka, ndipo pa chotupa cha MSS, chimene ndi cha odwala ambiri, sathandiza kwenikweni.

Tsono za inu mwini. Musadikire mayankho a majini kuti muchitepo kanthu, chifukwa kungokhala ndi m'bale wa bere limodzi amene wadwala khansa imeneyi kumachulukitsa chiopsezo chanu pafupifupi kawiri. Lamulo limene timatsata ndi lakuti abale otere ayambe kuunikidwa thumbo ali ndi zaka 40, kapena zaka 10 asanafike msinkhu umene wodwalayo anapezeka nawo, chimene chayamba kufika. Chotsani 10 pa 41. Munayenera kuunikidwa muli ndi zaka 31, ndiye mwachedwa kale ndi zaka 7. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, koma kuti nkhaniyi isadikire holide ya chaka chamawa.

Kuunikako kumatchedwa colonoscopy. Dzulo lake mumamwa mankhwala otsuka m'mimba ndi zamadzimadzi zokha, ndipo ambiri amati gawo lovuta ndi limeneli. Tsiku lake amakupatsani mankhwala oledzeretsa pang'ono n'kulowetsa kapaipi kofewa ka kamera kudzera kotulukira chimbudzi, kuyenda nako thumbo lonse, lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ndikudziwa manyazi amene anthu a kwathu amakhala nawo pa malo amenewo, ndaona amuna akuluakulu akubwerera pakhomo. Koma ubwino wa kuunika kumeneku ndi wakuti polipu akapezeka amamudula nthawi yomweyo, khansa isanabadwe n'komwe. Kuyeza magazi obisika m'chimbudzi n'kothandiza kwa anthu wamba, koma kwa inu sikukwanira. Yambirani ku kiliniki kwanu kapena ku Chipata Central Hospital, mufotokoze msinkhu umene alongo anu anadwalira, mupemphe kalata yokutumizani kumene angakuunikeni, ndipo mufunse zimene khadi lanu la NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo, lingalipire. Ngati kuli kofunika kupita ku Lusaka, makilomita oposa 550 a Great East Road si oyenda kawiri popanda chifukwa, konzani kuti zigwirizane ndi tsiku limene mukuperekeza alongo anu ku Cancer Diseases Hospital. Zikatuluka bwino, mudzabwerezanso pakapita zaka zisanu.

Ngati Lynch atatsimikizika mwa alongo anu, mwayi woti inunso muli naye ndi theka, ngati kuponya khobidi m'mwamba. Khobidilo limaponyedwa padera kwa mwana aliyense wa atate, kuphatikizapo amene anabereka kwina ngati alipo. Mukayezedwa n'kupezeka mulibe, ana anu onse atatu amasuka, chifukwa simungapatse mwana chimene mulibe. Jini limeneli silidumpha m'badwo, chimene chimaoneka ngati kudumpha ndi munthu amene anali nalo koma sanadwale, kapena anafa ndi china msanga. Mukapezeka nalo, si chiweruzo cha imfa. Kwa a MLH1 ndi MSH2, pafupifupi theka amadwala khansa ya thumbo pa moyo wawo ngati sakuunikidwa, kwa a MSH6 ndi PMS2 chiwerengero n'chotsikirapo. Ziwerengero zimenezi zambiri zinachokera kwa anthu a ku Ulaya ndi America. Chitetezo chake ndi colonoscopy chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse, kuyambira pa zaka 20 mpaka 25 kwa majini awiri oyambawo. Musaganize kuti ndi za azungu okha. Ku Northern Cape, m'dziko la South Africa, kuli mabanja akumidzi amene ali ndi vuto la MLH1, ndipo madokotala a ku Cape Town akhala akuyenda ulendo wautali chaka ndi chaka kukawaunika komweko. Amene ankabwera kudzaunikidwa anapezeka kuti akukhala moyo wautali kuposa abale awo amene ankakana.

Poti ndinu mayi, chiberekero chisaiwalike. Kwa amayi a Lynch, khansa ya m'kati mwa chiberekero imatha kubwera ngakhale ya thumbo isanafike. Kutaya magazi pakati pa mwezi, msambo wochuluka mosazolowereka, kapena magazi alionse mutasiya kusamba, zimenezo ndi zopita nazo kuchipatala sabata yomweyo. Ena akatha kubereka amasankha kuchotsa chiberekero ndi mabasiketi a mazira, koma imeneyo ndi nkhani yokambirana jini litatsimikizika. Mudzamvanso za asipulini. N'zoona kuti kafukufuku wotsogoleredwa ndi John Burn wa ku Newcastle anasonyeza kuti amachepetsa khansa ya thumbo mwa anthu a Lynch, koma musakagule pa kantemba n'kuyamba kumwa, amatha kuchititsa zilonda ndi kutaya magazi m'mimba.

Ana anu asiyeni akule. Lynch sagwira ana aang'ono, ndipo timadikira akwane zaka 18 kuti asankhe okha kuyezedwa. Pali matenda ena a kumtundu, otchedwa FAP, amene munthu amabadwa APC uja ali woonongeka kale, thumbo n'kudzaza mapolipu mazana kapena masauzande kuyambira pa unyamata, ndipo popanda opaleshoni pafupifupi onse amadwala khansa pofika zaka 40. Amenewo ana amaunikidwa kuyambira zaka 10 mpaka 12. Koma thumbo la FAP silibisika, amene anachita opaleshoni alongo anu akanakuuzani tsiku lomwelo.

Pa zizindikiro ndinene mwachidule, poti mwaziona kale kunyumba. Magazi m'chimbudzi kuno timathamangira kunena kuti ndi kamwazi, likodzo kapena nthenda ya mudzi, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi zimenezo. Koma kamwazi amene wamwa mankhwala kawiri katatu osatha, chimbudzi chimene chasintha kwa milungu ingapo, kuonda kosadziwika chifukwa, zimenezo zimafuna kamera. Khansa ya Lynch imakonda mbali ya kumanja kwa thumbo, kutali ndi kotulukira, kumene magazi saoneka ndi maso. Munthu amangofooka, m'manja kuyera, n'kumamwa mapiritsi owonjezera magazi chaka chonse. Mwamuna wamkulu kuchepa magazi popanda chifukwa chodziwika, ameneyo aunikidwe.

Zakudya zili ndi gawo lake. Mu 2015 bungwe la WHO loona za khansa linaika nyama zokonzedwa kufakitale, monga soseji ndi poloni, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya thumbo lalikulu. Mowa, fodya ndi kunenepa kwambiri zimawonjezera chiopsezo, pamene mgaiwa, nyemba, ndiwo zamasamba ndi kuyenda pansi zimachepetsa. Koma munthu wa zaka 41 sanadwale chifukwa cha mphika wa mkazi wake, ndipo palibe amene anamulodza. Ndanena izi chifukwa ndikudziwa kumene zala zimaloza matenda akatalika, ndipo alamu anu ali ndi katundu wokwana kale.

Kwa amalume musapite ngati wokawatsutsa. Auzeni kuti adokotala akufunanso mbiri ya kuchimuna, ndipo muwapemphe kuti iwo, monga mwini mbumba, atsogolere kukalankhula ndi abale a atate. Akulu akapatsidwa udindo sakana kawirikawiri. Kumeneko kuli anthu amene nkhaniyi ikuwakhudza mofanana ndi inu koma sakudziwa kanthu: abale a atate amene ali moyo, ndi asuweni anu, ana a azakhali aja.

Musanapite, ng'ambani pepala la pakati pa kope. Mbali ina mulembe a kuchikazi, ina a kuchimuna, kuyambira agogo kutsika mpaka ana anu. Pa dzina lililonse mulembe zinthu zitatu: ali moyo kapena ayi, anadwala chiwalo chiti, ali ndi zaka zingati. Pamene simukudziwa musiye mpata, musalembe zongomva ngati zotsimikizika. Pepala limenelo mukalipereke m'manja mwa dokotala wa alongo anu pa ulendo wotsatira wa ku Lusaka, ndipo mumufunse ngati kabuloko kaja anakayeza MMR.